Khoma lija linamugweradi Buster Keaton? Bambo anga akuti n'zapakompyuta

Mphatso K.: Anthu apagulu, ndithandizeni ndisanayambane ndi bambo anga. Dzulo magetsi atazima ndinawaonetsa pafoni kachidutswa ka filimu yakale yopanda mawu. Munthu waima panja, chimphepo chikuwomba, kenako khoma lonse lakumaso kwa nyumba likumugwera, iye n'kupezeka waima bwinobwino pamene pagwera windo lotsegula la m'mwamba. Bambo anaseka mpaka kutsokomola, koma atapeza mpweya akuti, "Iwe, izi n'zapakompyuta, kulibe munthu wamisala chonchi." Ndawauza kuti filimuyi ndi ya 1928, iwo akuti ana amakono mumakhulupirira chilichonse chapafoni. Ndiwayankhe chiyani?

Yamikani wa Makamera: Kkkk auzeni madala kuti mu 1928 kompyuta kunalibe. Filimuyo ndi Steamboat Bill, Jr. ndipo munthuyo ndi Buster Keaton. Khomalo linali lenileni, lamatabwa, lolemera pafupifupi matani awiri. Sanalilemeretse mwangozi ayi: chinthu chopepuka chachikulu choncho chimapindika kapena kutengeka ndi mphepo, ndiye sungadziwe pomwe windo ligwere. Cholemera chimagwa molunjika. Mpata pakati pa mapewa ake ndi felemu ya windo unali wa mainchesi ochepa chabe. Akanasuntha phazi limodzi bwenzi tikukamba za maliro.

Mphatso K.: Ndiye anangoima n'kuyembekezera?

Yamikani wa Makamera: Eya, chifukwa anali atayeza. Ndipo sikanali koyamba. Nthabwala yomweyi anaichitapo ndi kakhoma kakang'ono mu One Week ya 1920. Mu 1928 anangoikulitsa. Onereninso, achimwene, muyang'ane nkhope yake khoma likamafika. Sakuphethira.

Tiyamike: Pepani anthu okonda zakale, koma ine sindiona chosekesa. Munthu wagwa, wadzuka, wagwanso, wapolisi akumuthamangitsa, onse akuyenda ngati nyerere zathiridwa madzi otentha. Mwana wanga wa zaka zisanu ndiye angaseke. Ine ayi.

Aphunzitsi Phiri: Mayi Tiyamike, zoyenda ngati nyererezo muli ndi mfundo, koma mlandu si wa ochita sewerowo okha. A Yamikani afotokoze, ndi ntchito yawo.

Yamikani wa Makamera: Zikomo aphunzitsi. Makamera anthawi imeneyo ankapukusa ndi dzanja. Wojambula amatha kutenga zithunzi 16, 18 kapena 20 pasekondi, malinga ndi dzanja lake komanso zomwe akufuna. Mawu atabwera panakhazikika liwiro limodzi, zithunzi 24 pasekondi. Ndiye mukatenga filimu yojambulidwa pa 18 n'kuionetsa pa 24, aliyense amakhala ngati wathawa ngongole. Makope ambiri akale omwe ankaonetsedwa pa TV anali otero. Komanso nthawi zina ankachita dala: pamalo othamangitsana wojambula ankapukusa pang'onopang'ono kuti poonetsa ziziyenda mwachangu. Mukapeza kope lokonzedwa bwino, mupeza kuti anthuwa akuyenda ngati anthu.

Tiyamike: Chabwino, liwiro ndamva. Nanga kugwako?

Aphunzitsi Phiri: Mundilole nditalikitseko pang'ono, ukalamba umatero. Ine Charlie Chaplin, katswiri wina wa mafilimu opanda mawuwa, ndinamuona koyamba ndili mwana, galimoto ya kanema itabwera pabwalo la sukulu yathu. Anamanga chinsalu choyera pamitengo iwiri, jenereta ikulira, mudzi wonse uli pansi pafumbi. Palibe ankadziwa Chingerezi kupatula ahedi, koma palibe anafuna womasulira. Chimene ndinaphunzira pambuyo pake n'chakuti sitinkaseka kugwa. Tinkaseka munthu amene akuyesetsa kusunga ulemu wake zinthu zikumukana. Taonani mmene amavalira: jekete yothina, buluku lalikulu, nsapato zazikulu zong'ambika, koma kachipewa ka mabwana ndi kandodo m'manja. Ndi mmphawi wovala ngati bwana. Akagwa, choyamba amatola chipewa, n'kuchisansa, n'kuchivula mwaulemu kupepesa mwala womwe wamupunthwitsa.

Pali malo mu The Gold Rush ya 1925 omwe ndimafuna muone musanaweruze. Anthu awiri atsekeredwa ndi chipale m'kanyumba kumapiri, njala yafika posauzana. Chaplin waphika nsapato yake. Sakuiphika mwamanyazi ayi, akuibaya ndi foloko kuona ngati yapsa, akupukuta mbale ndi mkono wa malaya, akuithira msuzi pamwamba. Mnzake wamkulu thupi uja walanda chikumba chofewa chapamwamba, iye watsala ndi chidendene ndi phazi lodzaza misomali. Zingwe akuzipota pafoloko n'kumadya mokoma, misomali akuiyamwa umodziumodzi monga timachitira ndi mafupa a nkhuku. Palibe wagwa pamenepo. Koma aliyense amene anagonapo ndi njala amaseka, kenako amakhala chete.

Nabanda UK: Aphunzitsi mwandikumbutsa. Ndipo njalayo ankaidziwa, sanachite kuiwerenga. Anabadwira ku London mu 1889, bambo ake anali chidakwa, mayi ake Hannah anadwala misala, iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anakasungidwa kunyumba ya anthu osauka ku Lambeth. Mu 1916 kampani ya Mutual inkamulipira madola 670,000 pachaka. Munthu mmodzi yemweyo.

Lungu wa ku Chipata: Koma nsapatoyo anadyadi? Ine apa ndiye ndikufuna chilungamo.

Nabanda UK: Kkkk achimwene a Lungu, inali ya switi wakuda uja amati liquorice. Koma anabwereza kujambula kambirimbiri, ndipo switi ameneyu ukadya wambiri amatsegula m'mimba. Zotsatira zake muganize nokha.

Lungu wa ku Chipata: Ndiye bambo a Mphatso sanalakwe kwenikweni. Chinyengo chinalipo.

Yamikani wa Makamera: Chinalipo ndithu, kungoti chinali cha matabwa, magalasi ndi penti. Mu Modern Times ya 1936 muli malo omwe Chaplin akutsetsereka pansapato zamatayala m'sitolo yosanja, atamangidwa kumaso, n'kumafika m'mphepete mwa phompho. Phompholo kulibe. Analijambula ndi penti pagalasi n'kuliika kutsogolo kwa kamera, iye ali pansi posalala. Luso lotsetserekalo ndi lake, koma ngoziyo ndi yabodza.

Malo omwe Harold Lloyd akukwera khoma la nyumba yosanja n'kulendewera pawotchi mu Safety Last! ya 1923 ali pakatikati pa zenizeni ndi chinyengo. Anamanga khoma lonamizira, lokhala ndi wotchiyo, padenga la nyumba yosanja yeniyeni ku Los Angeles. Kamera anaiika pamwamba mopendeka kuti denga lisaoneke, muzingoona msewu ndi magalimoto kutali pansi. Msewuwo ndi weniweni, kutalikako n'kwenikweni, koma m'munsi mwake munali pogwera. Akamakwera m'nkhani, ankasamukira padenga la nyumba ina yaitali kuposa. Zithunzi zakutali zokwera khoma lenileni anakwera ndi Bill Strother, katswiri wokwera nyumba.

Chifundo: Ndiye Lloyd ndi wabodza, Keaton ndiye mwamuna. Nkhani yatha.

Yamikani wa Makamera: Dikirani kaye. Mu 1919 Lloyd ankajambulitsa zithunzi zotsatsira malonda atagwira bomba lomwe aliyense ankati ndi loseweretsa. Linali lenileni. Linamudula chala chachikulu ndi cha mkombaphala kudzanja lamanja. Kuyambira pamenepo ankavala golovesi yokhala ndi zala zopanga. Ndiye pawotchi paja akulendewera ndi zala zisanu ndi zitatu. Yesani kulendewera pamtanda wa denga lanu ndi zala khumi zonse, mutiuze.

Chifundo: Ndabweza mawu kkkk. Komabe ine ndi wa Keaton. Chaplin amandipempha kuti ndimumvere chisoni, amayang'ana kamera ndi timaso take tija. Keaton sapempha kanthu. Dziko likugwa, iye nkhope ili gwa ngati mwala, akungoganiza chochita. Mu The General ya 1926 wakhala kutsogolo kwa sitima yoyenda, wanyamula chimtengo cha njanji, kutsogolo kuli china chopingasa. Akuponya chomwe wanyamulacho, chikumenya nsonga ya chinzakecho, zonse ziwiri n'kudumphira kumbali. Palibe kudula filimu, mukuona zonse kamodzi. Ndipo sitima yogwera mumtsinje mlatho ukupsa ija inali yeniyeni, anaigwetsadi pafupi ndi Cottage Grove ku Oregon. Malo amodzi amenewo anadya madola pafupifupi 42,000. Chisitimacho chinakhala mumtsinjemo mpaka nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse pomwe anachiphwasula kufuna zitsulo.

Aphunzitsi Phiri: Mwana wanga Chifundo, ukunena zoona za Keaton, koma usamuchepetse Chaplin chifukwa cha misozi. Kumusekesa munthu n'kumuliza mphindi yomweyo si ntchito yamasewera. Pa City Lights ya 1931, kamphindi komwe mtsikana wosaona wogulitsa maluwa akumuyesa munthu wolemera anakajambula maulendo 342. Vuto linali lakuti popanda mawu, mtsikana wosaona angaganize bwanji kuti wosaukayu ndi bwana? Yankho linali chitseko cha galimoto. Chaplin akudutsa m'galimoto yapamwamba yoimikidwa pofuna kuzemba wapolisi, akutseka chitseko, mtsikanayo akumva kulira kwa chitseko cha galimoto ya olemera. Basi. Ife oonera sitikumva kanthu, koma tikudziwa kuti iye wamva.

Chifundo: Maulendo 342 aphunzitsi? Mtsikanayo sanathawe?

Nabanda UK: Virginia Cherrill. Chaplin anamuchotsapo ntchito pakati pa filimu, kenako n'kumubwezanso. Ndipo poti tafika apa, tisamupake mafuta munthuyu. Akazi ake awiri oyamba, Mildred Harris ndi Lita Grey, anawakwatira ali atsikana osafika zaka 18. Ine mafilimu ake ndimawakonda, koma mwana wanga sindikanamusiya naye pafupi.

Tiyamike: Zikomo asisi, ndimadikira wina anene. Onjezaniponso kuti The General yomwe a Chifundo akuitamayo, ngwazi yake ili mbali ya asilikali akummwera kwa America, omwe ankamenyera kuti ukapolo upitirire. Ndipo mafilimu ambiri anthawi imeneyo ali ndi azungu odzipaka zakuda kumaso kuti aseke ife. Ngakhale The Jazz Singer ya 1927, yomwe imatchuka kuti inatsegula njira ya mafilimu olankhula, Al Jolson akuimba atadzipaka choncho.

Chifundo: Sindikana. Keaton yemwe anachitapo zimenezo mu College ya 1927. Malo amenewo ndimadumphitsa.

Aphunzitsi Phiri: Ine sindidumphitsa, ndimaonetsa adzukulu n'kuwauza kuti umu ndi mmene ankationera. Koma aliyense ndi mtima wake.

Admin Gondwe: Tikuyenda bwino, palibe watukwana. Pitirizani. Amene akutumiza malonda a mazira pakati pa nkhani ino ndachotsa.

Mphatso K.: Funso lina la bambo, ali pompano akumwa tiyi. Akuti ngati zinali zenizeni, bwanji sankavulala?

Yamikani wa Makamera: Apatseni moni madala. Ankavulala. Mu Sherlock Jr. ya 1924 Keaton akuthamanga pamwamba pa mabogi a sitima, sitima ikutha, iye akugwira chipaipi cha thanki yothirira madzi. Chipaipi chikutsika, madzi akukhuthuka ndi mphamvu n'kumumenyetsa panjanji. Mufilimu akudzuka n'kuthamanga. Anamva mutu kwa masiku angapo, n'kupitiriza ntchito. Patapita zaka, dokotala atamuunika ndiye anamufunsa kuti khosi munathyoka liti. Malo omwe anathyokawo ndi omwe ali mufilimu mpaka lero.

Chomwe chinkamupulumutsa n'chakuti kugwa anakuphunzira ali kamwana. Makolo ake anali a zisudzo zoyendayenda, gulu lawo linkatchedwa The Three Keatons, ndipo sewero lake linali lakuti bambo ake Joe azimuponya papulatifomu ngati thumba. Anachita kumusokerera chogwirira cha sutikesi pamalaya kuti azimunyamula bwino. Mmenemo ndi momwe anazindikiranso kuti akamaseka iye, anthu saseka kwambiri. Nkhope ya mwala ija inachokera kumeneko.

Lungu wa ku Chipata: Lero bambo ameneyo akanagona kupolisi.

Nabanda UK: Ngakhale nthawi yomweyo mabungwe oteteza ana ankalimbana nawo.

Lungu wa ku Chipata: Koma inu mwaiwala anthu anga. Wonenepa ndi woonda. Kwa ine Laurel (woondayo) ndi Hardy (wonenepayo) amaposa onsewa, chifukwa sathamanga. Onerani Big Business ya 1929. Akugulitsa mitengo ya Khirisimasi khomo ndi khomo ku California dzuwa lili phwee. Akangana ndi mwini nyumba wina, James Finlayson, wadazi wamasharubu uja. Iye awadulira mtengo. Iwo amuonongera chitseko. Iye apita kukathyola nyali ya galimoto yawo. Chokoma n'chakuti wina akamaononga, mnzakeyo samuletsa. Amaima, manja m'chiuno, kuonerera mpaka amalize, kenako n'kugwedeza mutu ngati akuti chabwino, tsopano ndi nthawi yanga. Pomaliza galimoto yatsala zitsulo, nyumba yatsala mabwinja, wapolisi ali poteropo akungolemba m'kabuku. Ndinaonapo mkangano wa malire a munda ukuyenda chimodzimodzi, kungoti sitinaseke.

Tiyamike: Iyi ndiye mwina ndingaseke. Imeneyo si ya kugwa, ndi ya makani.

Aphunzitsi Phiri: Mwayamba kulowa m'khola, mayi. Ndipo a Lungu akumbutsa chinthu chofunika. Mawu atabwera, ambiri anagwa nawo, koma awiriwa anakwera. Mawu awo anagwirizana ndi matupi awo: Hardy wa ku Georgia wolankhula mwaulemu wonyada, Laurel wa ku England wolira ngati mwana. Chaplin anakana kulankhula kwa zaka zoposa khumi. Ankadziwa kuti kamunthu kake kakangotsegula pakamwa m'Chingerezi, kasiya kukhala ka aliyense. Mu City Lights, akuluakulu olankhula pamwambo wotsegulira chipilala anawapatsa mawu onga kulira kwa lipenga la ana. Mu Modern Times, pomwe tinamva mawu ake koyamba, anaimba nyimbo ya chilankhulo chopeka, chosamveka kwa mtundu uliwonse. Analankhula zenizeni mu 1940, mu The Great Dictator, pomwe ankanyoza Hitler.

Chifundo: Keaton si mawu anamugwetsa, mawu ake anali abwinobwino. Chinamugwetsa ndi kusiya situdiyo yake n'kulowa kampani yaikulu ya mafilimu ya MGM mu 1928. Iye mwini anadzati ndiko kulakwitsa kwakukulu pa moyo wake. Kwawo ankayamba ndi chiyambi ndi mathero, zapakati n'kumazipeza akujambula. Ku MGM anamupatsa zolembalemba, mabwana omuyang'anira, n'kumuletsa zoopsa zija poopa kuti katundu wawo angavulale. Ukwati unatha, mowa unalowa, mu 1933 anamuchotsa ntchito. Pambuyo pake anabwereranso komweko ngati wopeka nthabwala za anthu ena pamalipiro ochepa. Iye ndi Chaplin anaonekera limodzi mufilimu imodzi yokha, Limelight ya 1952, onse atakalamba.

Nabanda UK: Za Laurel ndiwonjezere. Chaka chatha tinapita ndi ana ku Ulverston, katawuni komwe anabadwira mu 1890. Pali chiboliboli cha awiriwa atatsamira mtengo wa nyali, ndi kanyumba kosungiramo zinthu zawo. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti Laurel ndi Chaplin anachokera gulu limodzi la zisudzo la Fred Karno, anakwera sitima yapamadzi imodzi kupita ku America mu 1910, ndipo Laurel ndiye anali wolowa m'malo Chaplin akadwala. Komanso woonda wooneka wopusa uja ndiye anali mutu wa ntchito. Ankatsala ku situdiyo ya Hal Roach kukonza nthabwala ndi kudula filimu, Hardy atapita kukasewera gofu.

Yamikani wa Makamera: Ndipo anyamata athu omasulira mafilimu m'Chichewa m'mavidiyo sho adziwe kuti vuto lawo ndi lakale. Cha m'ma 1930 luso loika mawu ena pafilimu linali lisanakhwime, ndiye Laurel ndi Hardy ankajambula filimu imodzi kangapo: m'Chingerezi, kenako m'Chisipanishi, Chifalansa, Chijeremani. Mawu ankawalembera pabolodi kuseri kwa kamera monga amamvekera, iwo n'kumawerenga osadziwa bwino chomwe akunena.

Lungu wa ku Chipata: Akanajambulanso ya Chinyanja bwenzi nditaloweza yonse.

Chifundo: Kwa amene akuti izi n'zakale zopanda ntchito: Jackie Chan yemwe tinakulira naye m'mavidiyo sho uja amanena yekha kuti anaphunzira kwa Keaton, Lloyd ndi Chaplin. Mu Project A ya 1983 akulendewera pawotchi yansanja, kenako n'kugwa kudutsa m'matenti. Mukuganiza anaitenga kuti?

Tiyamike: Funso lomaliza kwa ine. Akazi kunalibe? Kapena ntchito yawo inali kukomoka basi?

Nabanda UK: Analipo asisi. Mabel Normand anali kale katswiri ku situdiyo ya Keystone, ya Mack Sennett, pomwe Chaplin ankafika kumapeto kwa 1913 asakudziwa n'komwe kuima pamaso pa kamera. Normand ankatsogolera yekha mafilimu, ndipo ena mwa oyamba a Chaplin mu 1914 anawongolera ndi iyeyo. Chaplin zinamuwawa kulamulidwa ndi mtsikana, anakangana mpaka anatsala pang'ono kuchotsedwa. Vuto lina n'lakuti zambiri zinatayika. Filimu yanthawiyo inali ya nitrate, imagwira moto msanga komanso imawola yokha m'chitini. Mu 1937 nkhokwe ya kampani ya Fox ku New Jersey inapsa ndi mafilimu ake ambiri akale. Laibulale yaikulu ya boma la America, Library of Congress, inapeza mu 2013 kuti pa mafilimu aatali opanda mawu a ku America, pafupifupi 70 pa 100 alionse kulibenso.

Mphatso K.: Ndiye tikuonera zotsalira pamoto. Ndiyambe ndi iti ndi bambo usiku uno? Bandulo yanga si yaikulu.

Lungu wa ku Chipata: The Music Box ya 1932, mphindi zosakwana 30, inapata mphoto ya Oscar. Laurel ndi Hardy apatsidwa piyano kuti akasiye kunyumba ina pamwamba pa masitepe oposa 130. Masitepewo alipo mpaka lero ku Silver Lake, Los Angeles. Sindikuuzani zambiri, koma mumvetsere kulira kwa piyano ikamatsika yokha. Apo ndiye mudziwa kuti mawu anawathandiza.

Chifundo: Muyambe ndi One Week, ndi yaifupi kuposa. Anthu angokwatirana kumene apatsidwa nyumba yomanga okha ya m'mabokosi, wina wansanje n'kusintha manambala a mabokosiwo.

Aphunzitsi Phiri: Munthu wamkulu mnzanga mumuyambitse ndi nsapato ija. Koma chitani zomwe bandulo ilola.

Mphatso K.: Ndabwera ndi lipoti. Tinaonera ya piyano. Pomwe afika nayo pamwamba atatopa, wamakalata n'kuwauza kuti pali msewu wozungulira womwe akanadzera ndi ngolo yawo, bambo anati, "Ayi ayi, asachite zimenezo." Anthu aja n'kuinyamuladi piyano, kutsika nayo masitepe onse, kukaikweza pangolo kuti adzere kumsewuko. Bambo anaimirira n'kutuluka panja, tinangomva akuseka kuseri kwa khitchini. Mayi anachita kukawaona ngati ali bwino.

Tiyamike: Nanga za khoma avomera?

Mphatso K.: Akuti khoma avomera, koma piyano ija munalibe piyano m'bokosimo, chifukwa anthu awiri sangaikweze kawiri. A Yamikani, yankhani inu, ine ndatopa.

Yamikani wa Makamera: Apa ndiye ndilibe nawo mlandu madala. Bokosi lomwe likugubuduka pamasitepe lija ngakhale ine sindingaikemo piyano ya munthu.

Mphatso K.: Ndawawerengera. Akuti mwaona, ndimanena ine.